Kukagona m'galimoto ku Kruger mu Disembala: kutentha tikuthana nako bwanji?

Bambo a Tadala, Kempton Park

Moni nonse a pagulu lino. Ine ndi banja langa takonza zopita ku Kruger National Park, malo osungirako nyama zakutchire kuno ku South Africa, pa tchuthi cha Disembala, ndipo tikufuna kubwereka galimoto yogonamo, ya mtundu uja wokhala ndi mabedi, firiji ndi kakhitchini mkati mwake. Tidzapita ndi ana awiri, wina wa zaka 7 ndi khanda limene lidzakhale ndi miyezi 5 pa nthawiyo, komanso apongozi anga aakazi amene abwera kuchokera ku Zomba ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Obwereketsa atiuza kuti galimoto yokhala ndi eyakoni (makina oziziritsa mpweya) ya padenga mtengo wake ndi wokwererapo. Kodi ndi bwino kuwonjezera ndalamazo, kapena pali njira zina zodalirika? Ndikufunanso kudziwa msasa umene ungatiyenerere, chifukwa anzanga a kuntchito akundilimbikitsa za Satara kaamba ka mikango.

aPhiri, Mbombela

Achimwene, musanaganize za eyakoni, ganizani kaye za malo amene galimotoyo idzaime. Kruger ili kuchigwa, kumene kuno amati Lowveld, ndipo mu Disembala ndi Januwale sichachilendo kutentha kupyola madigiri 35, masiku ena mpaka 40. Chinanso n'chakuti mzere wa Tropic of Capricorn umadutsa mkati mwa pakiyi, pakati pa misasa ya Mopani ndi Shingwedzi, kutanthauza kuti chakumapeto kwa Disembala dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Denga la galimoto ndilo limalandira moto wonse, ndipo chitsulocho chikatentha chimapitiriza kutulutsa kutenthako mkati ngakhale dzuwa litalowa kale.

Satara ndi malo abwino oonerako nyama, zimenezo anzanuwo sakunama, koma ali pachidikha choyera ndipo malo a mthunzi wokwanira ndi ochepa, amathanso msanga pa nyengo ya tchuthi. Kwa banja lokhala ndi khanda ndi munthu wachikulire ine ndingasankhe Pretoriuskop kapena Letaba. Pretoriuskop ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 600, kufupi ndi geti la Numbi, ndipo kumeneko mpweya umapepukako poyerekeza ndi Skukuza kapena Lower Sabie. Letaba ndi kotentha ndithu, koma msasawo uli ndi mitengo ikuluikulu ya mikuyu ndi misikidzi m'mbali mwa mtsinje, ndipo mthunzi wake ndi wochindikala. Kumpoto kwa pakiyi kwadzaza mitengo ya tsanya, imene masamba ake amapindika dzuwa likakula, kotero kuti munthu ukhoza kuima pansi pake koma dzuwa n'kumakuwotcha ndithu.

aMbewe, wokonza zamagetsi, Pretoria

Ndilowererepo pa nkhani ya eyakoni, popeza ndi ntchito imene ndimagwira. Eyakoni ya padenga imadya mphamvu pakati pa mawati 1000 ndi 1500, ndipo ikamayamba kulira imakoka zoposa pamenepo kwa kanthawi kochepa. Batire la 100 Ah pa mavoti 12 limasunga pafupifupi 1200 Wh, kutanthauza mawati 1200 kwa ola limodzi, ndipo ngati ndi la mtundu wakale la asidi, simuyenera kulitsitsa kupyola theka. Mukawerengetsa muona kuti batire lotero silingayendetse eyakoni ngakhale kwa ola limodzi. Choncho eyakoniyo ndi yothandiza pokhapokha mwaima pamalo okhala ndi magetsi a 230 V, ndipo posungitsa malo muonetsetse kuti mwasankha malo olembedwa kuti ali ndi magetsi, chifukwa si onse ali nawo. Misasa ina monga Tsendze ndi Balule ilibe magetsi pa malo ogona, ndiye ndi banja lanulo musaiganizire n'komwe.

Mufunsenso obwereketsawo ngati akupatsani chingwe chachitali chokhala ndi pulagi ya buluu ya makalavani, ndipo muchione ndi maso anu musananyamuke. Chingwe chachifupi chimakukakamizani kuimika galimoto pafupi ndi bokosi la magetsi, ngakhale mthunzi uli kutali. Mukachilumikiza muchitambasule chonse, chifukwa chingwe chokulungidwa chimatentha chikamanyamula mphamvu yambiri. Ketulo yamagetsi imadya pafupifupi mawati 2000, choncho mukaiyatsa pamodzi ndi eyakoni, magetsi a pamalo anuwo akhoza kuzima.

Nachisale, Midrand

Ine ndikusiyana pang'ono ndi aPhiri pa kachitidwe kake. Mthunzi ndi wofunika, koma pamene pali khanda la miyezi 5 ndi mayi wachikulire, eyakoni si chinthu chokambirana ayi. Usiku wa ku Kruger mu Disembala sumazizira monga mmene kumachitira ku Johannesburg kuno, kumene tili pamwamba kupyola mamita 1700. Mvula ikagwa madzulo, mpweya umadzaza chinyontho, thukuta silimauma pathupi, ndipo anthu asanu akagona m'kachipinda kakang'ono kotero, mpweya wawo womwe umawonjezera chifundizi. Bambo a Tadala, lipirani ndalamayo. Mungathe kuchepetsa zina pa ulendowo, koma tulo ta apongozi ndi ta mwana musatichepetse.

aPhiri, Mbombela

Achemwali, sindikukana eyakoni, ndipo ndikuvomereza kuti aitenge. Chimene ndikukana n'chakuti munthu aikhulupirire yokha. Magetsi akathima usiku, kapena mphepo ya mkuntho ikawononga mawaya, banja limene linaima pa dzuwa tsiku lonse likudalira makinawo lidzagona mu ng'anjo. Komanso eyakoni yaing'onoyo imalephera kugonjetsa denga limene lakhala likupsa kuyambira m'mawa. Imalira usiku wonse koma kusintha kwake n'kochepa. Galimoto imene yatandala pa mthunzi imazizira m'mphindi zochepa. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi.

Amalume a ku Polokwane

Ana anga, ine ndakhala ndikukoka kalavani kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndilankhule za kaimikidwe, popeza n'kumene anthu ambiri amalakwitsa. Mukafika pamsasa m'mawa, mthunzi umene mukuuona si umene mudzaufune. Dzuwa lopweteka kwambiri ndi la kuyambira 1 koloko mpaka cha m'ma 5, ndipo limachokera kumadzulo. Imani kaye, muyang'ane kumene dzuwa lidzalowere, kenaka muimike galimoto kum'mawa kwa mtengo, kuti mtengowo ukhale pakati pa inu ndi dzuwa la madzulo. Galasi lalikulu lakutsogolo lisayang'ane kumadzulo, chifukwa ndilo khomo lalikulu lolowera kutentha. Mbali imene kuli timabowo totulutsira mpweya wa firiji ikhalenso kumthunzi.

Zotchingira mawindo zonyezimira zija anthu ambiri amaziika mkati, koma zimagwira bwino ntchito zikakhala kunja kwa galasi, chifukwa kuwala kukadutsa galasi, kutentha kwalowa kale m'galimoto. Ngati mulibe zogula, neti ya mthunzi imene amagwiritsa ntchito alimi a mbande imakwanira. Muimangirire pamwamba pa denga koma musiye mpata wokwana dzanja pakati pa neti ndi denga kuti mphepo izidutsa. Mukaiyala pa denga penipeni, phindu lake limachepa kwambiri.

Posankha mtengo muyang'anenso m'mwamba. Mvunguti uli ndi mthunzi wokoma, koma zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo ndipo zikagwa zimaswa galasi kapena kuvulaza munthu. Musaime pansi pake, ndipo mwana wamkuluyo mumuuze asakasewerepo. Chinsalu cha khonde chimene chimatambasuka m'mbali mwa galimoto muzichipinda nthawi iliyonse mukamachoka ndiponso mukamakagona, pakuti mvula ya ku Lowveld imabwera ndi mphepo yadzidzidzi, ndipo chinsalucho chikang'ambika obwereketsa adzakulipiritsani.

Bambo a Tadala, Kempton Park

Zikomo kwambiri amalume, zimenezi sindikanaziganiza. Koma pali chimene chikundisokoneza. Galimoto imeneyi ndi yomweyo imene tizidzayendera kukaona nyama, ndiye tikachoka m'mawa, malo athu a mthunziwo sangatengedwe ndi ena? Komanso galimotoyo ili ndi sola padenga, kodi pa mthunzi idzagwira ntchito?

Amalume a ku Polokwane

Mwafunsa bwino. M'misasa yambiri ya ku Kruger malo sakhala ndi dzina la munthu, wofika msanga ndiye amasankha. Chizolowezi n'chakuti mumasiya tebulo, mipando ndi mphasa kapena katenti kakang'ono, ndipo anthu amalemekeza zimenezo. Chakudya chokha musasiye, chifukwa apusi ndi anyani a kumeneko anazolowera kutsegula mabokosi. Katenti kameneko kadzakuthandizaninso usiku: inu ndi mwana wamkulu mukhoza kugona mmenemo mutatsegula mbali zonse za neti, ndipo m'galimoto mudzatsala anthu atatu m'malo mwa asanu. Msasa ndi wotchingidwa ndi mpanda, choncho palibe choopa, ngakhale afisi amayendayenda kunja kwa mpandawo usiku.

aMbewe, wokonza zamagetsi, Pretoria

Pa za sola, yankho n'lakuti pa mthunzi idzapereka zochepa kwambiri, koma musadandaule nazo. Pamalo okhala ndi magetsi batire limadzaza kudzera pa chingwe, ndipo mukamayenda injini imalidzazanso. Sola imafunika kwambiri kwa amene akukagona kopanda magetsi, ndipo iwowo amagwiritsa ntchito sola yonyamula m'manja yokhala ndi chingwe chachitali, galimoto pa mthunzi, sola pa dzuwa. Musapereke mthunzi wanu chifukwa cha sola ya padenga.

Chimene ndikufuna mufunse mosamala ndi mtundu wa firiji. Pali ya kompuresa, monga za Engel kapena National Luna, imene imazizira bwino ngakhale kunja kutatentha kwambiri. Palinso ija yoyendera gasi, batire ndi magetsi a m'nyumba, imene ilibe kompuresa. Imeneyi imafuna kuti galimoto iime mowongoka bwino, ndipo kunja kukapyola madigiri 35 imavutika kusunga nyama ndi mkaka pa kuzizira koyenera. Ngati akupatsani yoteroyo, nyamulani bokosi lina la ayezi la zakumwa zokha, kuti firiji isamatsegulidwe pafupipafupi. Ayezi amagulitsidwa m'masitolo a m'misasa ikuluikulu. Firijiyo muiyatse tsiku loti mawa mukunyamuka, ndipo muikemo zinthu zozizira kale.

Gulaninso mafani awiri ang'onoang'ono a mavoti 12 kapena ochajitsa. Fani yotere imadya mawati osapyola 20, kotero imatha usiku wonse pa batire. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye madzulo mutsegule chotsegula cha padenga ndi windo limodzi la m'munsi la kumthunzi, fani ikankhire mpweya kunja. Mukatero kwa mphindi zingapo musanayatse eyakoni, mwaipeputsira ntchito.

Nachisale, Midrand

Ndikuwonjezera za kukhitchini, popeza palibe amene wazitchula. Musaphike nsima m'galimoto. Moto wa gasi ndi nthunzi ya mumphika zimadzaza kachipindako ndi kutentha ndi chinyontho zimene sizichoka mpaka pakati pa usiku, ndipo kuyatsa gasi mutatseka mawindo chifukwa cha eyakoni n'koopsa ku moyo. M'misasa muli makhitchini a onse okhala ndi mbaula zamagetsi, masinki ndi madzi owira kale, ndiye mthiko ndi poto zanu muzipita nazo kumeneko. Ife timaphika kawiri, m'mamawa ndi dzuwa litapendeka, ndipo masana timadya zopepuka monga zipatso, buledi ndi ndiwo zozizira. Mavwende ndi mango zimapezeka zambiri m'mbali mwa msewu cha ku Hazyview ndi White River pa nyengo imeneyo.

Mayi a Chisomo, namwino, Durban

Bambo a Tadala, ine ndilankhula za anthu awiri amene mwawatchula, chifukwa iwo ndi amene kutentha kumawapweteka msanga ndiponso mwakachetechete. Khanda la miyezi 5 loyamwa silifunika kupatsidwa madzi. Liziyamwa pafupipafupi, ndipo mayi ake ndi amene ayenera kumwa madzi ambiri. Muziwerenga matewera: akachepa kunyowa, mkodzo ukada, mwana akafooka kapena liwombo likalowa, pitani kwa dokotala nthawi yomweyo. Ku Skukuza kuli dokotala, ndipo nambala yake muifunse pa ofesi yolandirira alendo tsiku lofika, musadikire vuto. Musaphimbe choyendetsera mwana ndi bulangete kapena chitenje chochindikala poganiza kuti mukumupatsa mthunzi, pakuti mkatimo mumatentha kuposa kunja. Ndipo ndikupempha ndi mtima wonse, mwana asasiyidwe m'galimoto yoima ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale eyakoni ikulira, chifukwa magetsi akazima inu muli kokasamba, mkatimo mumatentha mofulumira kwambiri.

Apongozi anu akaonane ndi dokotala ulendo usanafike. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amakodzetsa, ndipo pa kutentha kotere munthu amataya madzi ndi mchere mosazindikira. Asasiye mankhwalawo paokha, koma dokotala awauze zoyenera kuchita. Anthu achikulire samva ludzu msanga, ndipo amayi athu ambiri amachita manyazi kupempha kuti galimoto iime pamaso pa mkamwini, ndiye amangosiya kumwa madzi. Nkhani imeneyi akambirane ndi mwana wawo, ndipo inu mukonze ulendo woti muziima pa malo opumulira monga Afsaal kapena Tshokwane, kumene anthu amaloledwa kutsika. Mapiritsi asungidwe pamalo ozizira, osati m'kabokosi ka kutsogolo kwa dalaivala.

Munthu akayamba kumva chizungulire, mutu, nseru ndi kutuluka thukuta lambiri, mugonekeni pa mthunzi, mumasule zovala, mumupatse madzi a ORS pang'onopang'ono. Thanzi ORS amene tinazolowera kumudzi ali ndi anzake m'mafamase a kuno, ndipo ngati mulibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma akayamba kusokonezeka mutu, kulankhula zosamveka kapena kukomoka, pamenepo ndi pangozi: muthireni madzi ozizira thupi lonse, mumukupize, muike ayezi m'khwapa ndi m'khosi, ndipo wina aitane thandizo nthawi yomweyo. Panado sathandiza pa vuto limeneli.

aNgozo, Germiston

Ine ndinakulira ku Chikwawa, ndipo kwathu mu Okutobala tinkagona titafunda chitenje chonyowa, chimene chinkathandiza kwambiri. Kodi njira imeneyi singagwire m'galimoto? Ndaonanso timakina totchipa tothira madzi timene amati timaziziritsa chipinda.

aMbewe, wokonza zamagetsi, Pretoria

Achimwene aNgozo, njira imeneyo imagwira ntchito mofanana ndi mtsuko wadothi: madzi akamauma amachoka ndi kutentha. Mu Okutobala ku Shire Valley mvula imakhala isanayambe, mpweya ndi wouma, n'chifukwa chake chitenjecho chinkauma msanga ndi kukuziziritsani. Ku Kruger mu Disembala ndi nyengo ya mvula, mpweya uli kale ndi chinyontho chambiri, ndiye madzi amauma mochedwa. Timakina timeneto m'galimoto yotseka timangowonjezera chinyontho mpaka zofunda zimanyowa. Kansalu konyowa pakhosi mutakhala panja pa mphepo kapena kutsogolo kwa fani kamathandizabe. Kwa amene akupita ku Kgalagadi kapena ku Augrabies, kumene mpweya ndi wouma kwambiri, njira yanuyo ndi yabwino zedi.

aPhiri, Mbombela

Chatsala ndi kagawidwe ka tsiku, ndipo kwa ine ichi chimaposa zipangizo zonse zimene takambazi. Kuyambira Novembala mpaka Januwale mageti a misasa amatsegulidwa 4:30 m'mawa ndi kutsekedwa 6:30 madzulo. Tulukani pa nthawi yotsegulayo, pamene kuli kozizira ndipo nyama zikuyenda, mubwerere cha m'ma 9 kapena 10. Masana ngakhale mikango imagona pansi pa zitsamba, ndiye woyendayenda pa 1 koloko amangowotcha mafuta ndi kutopetsa ana. Kuyambira pamene mwabwerera mpaka cha m'ma 4 khalani kunja kwa galimoto, pa mphasa pansi pa mtengo kapena ku dziwe losambiramo. Dziwe la ku Pretoriuskop analimanga motsamira thanthwe lachilengedwe ndipo ana amalikonda kwambiri. Ku Letaba kuli nyumba yosungiramo minyanga ya njovu zikuluzikulu zakale za pakiyi, ndipo ndi malo abwino opitako ndi mwana wa zaka 7 dzuwa likakula. Madzulo mutulukenso kwa maola awiri, mubwere, musambe madzi ozizira, kenaka mugone msanga.

Pobwera kuchokera ku Johannesburg pa msewu wa N4 munyamuke usiku usanathe, kuti mukatsike kuchigwa dzuwa lisanakule, komanso kuti mukapeze mthunzi usanatengedwe. Mpweya wa m'matayala muuyeze m'mawa matayala ali ozizira, ndipo musauchepetse poona kuti wakwera masana, chifukwa kukwerako n'kwachibadwa.

Mayi a Chisomo, namwino, Durban

Ndabwereranso chifukwa nkhani yotsegula mawindo usiku ikukhudza chinthu china chachikulu. Kruger ndi dera la malungo, ndipo nyengo ya mvula ndiyo nthawi yake. Ambiri a ife timaganiza kuti popeza tinakulira ku Malawi, thupi linazolowera, koma munthu akakhala zaka zingapo ku Gauteng kopanda malungo chitetezo chija chimatha, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Muone ngati maneti a m'mawindo ndi a chotsegula cha padenga ali osang'ambika musanalandire galimotoyo, ndipo khanda ligone m'masikito ngakhale m'galimoto momwemo. Za mankhwala oteteza mufunse dokotala kudakali masabata angapo. Ndinene mosabisa kuti madokotala ambiri salimbikitsa kupita ndi khanda laling'ono chotere ku dera la malungo pa nyengo ya mvula, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Ngati mupitabe, aliyense amene atenthe thupi patapita sabata kapena kuposerapo akayezetse magazi tsiku lomwelo, ndipo mukamuuze dokotala kumene munali.

Amalume a ku Polokwane

Mawu a anamwinowa ndi olemera, ndipo pali njira yapakati imene ingathetse mavuto onse awiri. Kagoneni pamwamba pa phiri, ku Graskop kapena ku Sabie. Graskop ili pa mamita oposa 1400, usiku kumazizira mpaka munthu kufuna chofunda, ndipo udzudzu wa malungo si vuto lalikulu monga kuchigwa. Kumeneko kuli malo oimikapo makalavani, ndipo God's Window ndi Blyde River Canyon zili pafupi. Kuchokera uko mukhoza kutsika mbandakucha kukalowa pa geti la Phabeni, limene pa miyezi imeneyi limatsegulidwa 5:30, n'kutuluka dzuwa lisanalowe. Pa tchuthi cha Disembala chiwerengero cha olowa tsiku limodzi chimakhala ndi malire, choncho musungitsiretu malo ku SANParks, bungwe loyang'anira pakiyi. Kukagona mkati mwa Kruger mudzachite mu Juni kapena Julayi, mwana atakulako, pamene masana ndi ofunda bwino, udzu ndi waufupi ndipo nyama zimasonkhana pa madzi.

Bambo a Tadala, Kempton Park

Ndawerenga zonse pamodzi ndi mayi a Tadala, ndipo tagwirizana ndi maganizo a amalume ndi anamwino. Tikagona ku Graskop, ndipo ku Kruger tidzalowa masana okha kudzera pa Phabeni, kubwerera kuphiri kusanade. Galimoto titenga ya eyakoni monga ananenera achemwali a ku Midrand. Apongozi tawapezera tsiku lokaonana ndi dokotala sabata yamawa. aMbewe, mawa ndikupita kukaona galimotoyo, ndiye ndikufunsani: firiji ya kompuresa ndingaizindikire bwanji ngati wondionetsayo sakudziwa?

aMbewe, wokonza zamagetsi, Pretoria

Muiyatse ndi kutchera khutu. Ya kompuresa imalira pang'ono ngati firiji ya m'nyumba ndipo mkati mumayamba kuzizira m'mphindi zochepa, pamene inayo imakhala chete ndipo imatenga maola. Muyang'anenso pa mabatani ake: mukaona chizindikiro cha lawi la moto pambali pa cha batire ndi cha pulagi, imeneyo ndi yoyendera gasi. Kunja kwa galimoto, kumbuyo kwa firiji yoteroyo, kumakhala timazenera tiwiri totulutsira mpweya, kena m'munsi kena m'mwamba. Mujambule chikwangwani chake chaching'ono cholembedwa mtundu ndi mphamvu, pamodzi ndi cha batire, munditumizire pompano ndikuuzeni ngati zikwanira.